Buluku la Ulendo wa pa Zambezi

Ife a kumtunda kuno madzi timawadziwa a pachitsime ndi a m'dambo, olekeza m'mawondo. Mtsinje ukadzaza nthawi ya dzinja timaima kutsidya n'kumadikira kuti uphwe, ndipo palibe amachita nazo manyazi. N'chifukwa chake tsiku limene a diretori a pasukulu yathu ku Ulongwe adalengeza kuti tchuthi cha kumapeto kwa chaka aphunzitsi tonse tikakwera bwato pa Zambezi, mphunzitsi wa masamu adafunsa ngati bwatolo lili ndi mabuleki. Tidaseka, koma kudali kuseka kwa anthu amantha.

Dongosolo lidali lakuti titsike pa chapa, minibasi ya kwathu kuno, mpaka ku Tete, tigone kumeneko, m'mawa mwake tikwere bwato la injini pamodzi ndi munthu wotiperekeza, wodziwa mtsinjewo, woti azikatisonyeza mvuu, zilumba ndi mbalame. Masana tikadya nsomba pamchenga, dzuwa likapendeka n'kubwerera. Aliyense adaloledwa kutenga munthu mmodzi. Anzanga adatchula amuna awo ndi akazi awo. Ine amuna anga adatisiya kalekale, choncho sindidachedwe, ndidatchula mng'ono wanga.

Mng'ono wangayu ndiye adandiponda pamutu. Ine ndidapita kusukulu ya kumishoni, iye adatsala pamudzi pa amayi, cha ku Domwe, kulima minda yathu ya chimanga ndi kachewere. Ndi munthu wosalankhulalankhula. Ukamufunsa kanthu amayamba wayang'ana pansi, ngati yankho lalembedwa m'dothi. Kutali kumene adafikako moyo wake wonse kudali ku Ulongwe ndi ku Dedza, kumene kudakwatiwa mwana wake mmodzi yekhayo. Mwamuna wa mng'ono wangayu adabwera pachikamwini, ndipo ntchito yake idali kunyamula matumba a kachewere panjinga kuwolotsa malire. Adali wamfupi, wa mikono ngati misi, ndipo ankamenya.

Ndinene mosapsatira, ndinkadana naye mlamu wangayo, iyenso ankadziwa. Khutu lakumanzere la mng'ono wanga silimva bwino chifukwa cha mbama ya chaka chimene amayi adamwalira. Chala chake chaching'ono chidapindika, sichiwongoka. Ndikafunsa, yankho linkakhala lakuti adagwa, kapena ng'ombe idamuponda, chikhalirecho ng'ombe iwo adalibe. Ine ndili ndi mtima wapachala, ana a sukulu amandidziwa, ndipo kangapo konse ndidamulalatirapo mlamuyo pamaso pa anthu. Zotsatira zake zinkagwera mng'ono wanga ine nditabwerera kutauni. Choncho ndidaphunzira kutseka pakamwa. Ulendo wa pabwatowu ndidaufuna pa chifukwa chimodzi: mwana wa amayi akakhaleko masiku angapo kumalo kumene sangadzidzimuke akamva njinga ikulira pakhomo.

Chodabwitsa, mlamu adalola. Adapezapo chodzitamira. Ankauza anzake pamsika kuti mkazi wake akupita ku Tete kukayenda ngati mzungu, iwo akazi awo akutha ndi khasu. Mng'ono wanga nayenso adayamba kukonzeka mwa njira yake. Adachapa nsapato zake za kutchalitchi n'kuzisunga m'pepala. Adasankha mtedza wabwino woti adzakazinge wa panjira. Nthawi ina adandiimbira foni kungofuna kudziwa ngati n'zoona kuti ku Tete dzuwa limaphika dzira pamwala, ndipo ngati ndi choncho, munthu amayenda bwanji. Ndidamva m'mawu mwake kuti ulendowo waulowa mumtima.

Kutatsala masabata angapo, wotiperekeza uja adabwera kusukulu kudzatikonzekeretsa. Adali bambo wamtali wa kumtsinje, wolankhula Chinyungwe chosakaniza ndi Chipwitikizi, ndipo ankanjenjemera ndi kamphepo kathu ngakhale udali mwezi wotentha. Tinkamutchula kuti giya. Adatiuza kuti tisamaviike dzanja m'madzi, tisamathamangire tonse mbali imodzi tikaona mvuu, titenge zipewa ndi madzi akumwa ambiri. Mayi wina wophunzitsa ana aang'ono adafunsa ngati angatenge madzi odalitsa, giya n'kuti atenge, m'bwato muli malo. Kenaka adatulutsa m'chikwama chovala cha mtundu wa lalanje, chofufuma ngati pilo, chimene amati koleti. Munthu ukachivala sumira. Chili ndi malamba awiri pachifuwa ndi wina wodutsa pakati pa miyendo, kuti madzi asakuvule. Apa mpamene adatembenukira kwa ife amayi. Adati m'bwato mwake salola chitenje, chifukwa chikanyowa chimakulunga miyendo, ndiponso lamba wapansiyo samangika pachitenje. Aliyense avale buluku.

Aphunzitsi okulira m'tauni sadaonepo vuto. Ine ndidadziwa kuti kumudzi kwathu mkazi wapabanja wovala buluku amalozedwa chala mpaka kuchitsime. Koma ndidati tidzafunda chitenje pamwamba kufikira pamtsinje, adzaona ndani? Giya adasiya koleti imodzi kwa a diretori kuti amantha aziyeserera, ine n'kuibwereka Loweruka lotsatira. Ndidadzera pamsika, pamulu wa kalamidade, zovala za kaunjika zija, n'kusankha buluku labuluu lolimba, loyeza ndi maso.

Ndidafika kumudzi dzuwa lili pamutu. Mlamu kudalibe, pakuti Loweruka ndi tsiku la msika ndipo sankabwera msanga. Tidalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Mng'ono wanga ataona koleti adaseka mpaka kugwira khoma. Chimwalirire amayi ndidali ndisadamumve akuseka chotero. Adalowetsa miyendo m'buluku mwamanyazi, nkhope atatembenuzira kumbali. Lidakwera bwino m'ntchafu, koma m'chiuno batani lidakana kutseka. Chidatsekereza ndi mikanda. Adali nayo yambiri kuposa mkazi aliyense amene ndimamudziwa, chifukwa mwamuna wake akamumenya kwambiri ankabwera ndi chingwe chatsopano kuchokera ku Dedza.

Kwathu mikanda ya m'chiuno amagula ndi mwamuna, ndipo kuchinamwali amatilangiza kuti mwini wake ndi iyeyo. Mkazi suivula wekha. Amuna a kwathu amati mkazi akavula mikanda mwamuna wake kulibe, ndiye kuti akukonza malo a mikanda ya wina. Ine yanga adandivula anamkungwi pamaliro a amuna anga, ndipo sindidavalenso, kotero mawu amenewo adali atapepuka m'mutu mwanga.

Ndidamuuza kuti avule, tingoyesa, abwezeretsa pompo. Ndine ndidamuuza, ndipo ngakhale lero ndingamuuzenso. Adakana, adaseka, kenaka n'kuyamba kumasula mfundo imodziimodzi, zingwezo akuika m'kapu ya pulasitiki. Chingwe china chakale chidaduka, mikanda n'kumwazika pansi ponse. Batani lidatseka. Ndidamuveka koleti, ndidamanga malamba a pachifuwa, ndidagwada n'kudutsitsa wapansi uja. Adaima pakati pa nyumba atatambasula manja, akundifunsa ngati mvuu sizidana ndi mtundu umenewu.

Njinga sitidaimve. Tsiku limenelo tayala lidamuphulikira panjira, ndipo adabwera akuikankha, mtima utapsa kale. Chitseko adatsegula ndi phazi. Atalowa, mikanda idalira kunsi kwa nsapato zake. Adayang'ana pansi, adayang'ana kapu, kenaka mkazi wake, kuyambira kumapazi kukwera.

"Wavulira ndani?"

Ndidayamba kufotokoza za batani, za lamba, za lamulo la giya. Kutchula giya ndiye kudali kuthira mafuta pamoto. Adati wamva tsopano, ndiye kuti ku Tete kuli mwamuna amene walamula kuti mkazi wake avale buluku, amange lamba pakati pa miyendo, mikanda asiye kunyumba. M'dzanja adali ndi mphira, zija amadula kuchubu n'kumangira matumba panjinga. Sadafunsenso china.

Mphira yoyamba idatera patsaya, khungu n'kutseguka. Mng'ono wanga sadalire. Adaphimba mutu ndi manja n'kutembenukira kukhoma, monga amachitira munthu wozolowera. Zikwapu zina zidagwera pakoleti, zikumveka phu, phu. Mlamu ataona kuti chovalacho chikumutchinjiriza, adataya mphira, adagwira lamba wa kumsana n'kumukoka ngati thumba. Adamuwombetsa pafelemu ya chitseko. Adamukokanso, adamuwombetsanso, fumbi likuyoyoka m'khoma. Ine ndinkakuwa uku ndikumukoka malaya, malayawo n'kung'ambikira m'manja mwanga. Adatembenuka n'kundipatsa chibakera pakamwa. Ndidagwa chagada pamulu wa kachewere wa mbewu, ndipo ndidamva dzino langa lili palilime.

Ndidalavula n'kudzuka. Njinga idali pakhomo, pampu yachitsulo ili pamalo pake. Sindikumbuka kuti ndidaisolola bwanji. Chimene ndimakumbuka ndi kulira kwake itatera pakhutu pa mlamu, ndi magazi akutsikira m'khosi. Ndidamumenyanso pamsana, paphewa, pamutu, ndipo ndidamva kukoma. Ndinkafuna afe. Koma munthu wonyamula matumba tsiku ndi tsiku sagwa ndi pampu ya m'manja mwa mphunzitsi. Adandilanda, adandikankhira panja, n'kubwerera kwa mkazi wake. Mng'ono wanga adakweza mkono kuti atchinge nkhope, ndipo pampu idatera pamenepo. Kudamveka ngati nthambi youma ikuthyoka.

Anthu adali atadzaza pabwalo. Akazi adaima manja ali m'masaya. Amuna adaima chapatali, wina akunena kuti za m'banja salowerera. Mlamu adamukokera mng'ono wanga panja ndi lamba wapansi uja kuti anthu aone buluku, akumutchula maina amene sindingawalembe pano. Lambayo adaduka, mng'ono wanga n'kugwa chafufumimba m'fumbi, osagwedezeka. Pamenepo mpamene adaleka. Adapukuta khutu ndi chidutswa cha malaya, adatenga njinga yake yophulikayo n'kulowera kumene amagulitsa kachasu. Mayi wina wachikulire adabwera akuthamanga ndi chitenje m'manja, ine n'kumayesa akufuna kumanga mkonowo. Adamufunditsa miyendo kuti buluku lisaoneke.

Tidamutengera kuchipatala pangolo. Adamusoka tsaya, mkono n'kuuika m'chikhakha. Namwino atafunsa chimene chidachitika, mng'ono wanga adati wagwa pankhokwe. Ine ndidati ndi bodza, wamumenya ndi mwamuna wake, ndipo ndikupita kupolisi pompano. Adandigwira ndi dzanja labwinolo mpaka zikhadabo kulowa m'mnofu, n'kundinong'oneza kuti ndikapita kumeneko ndisadzamutchulenso m'bale wanga. Ndidakhala pansi, mlomo utatupa. Chamumtima ndidatukwana aliyense, mlamu, anthu oonerera aja, mpaka amayi amene ali m'manda, chifukwa chomulera wofatsa chotere.

Masiku otsatira mng'ono wanga adakhala kwanga ku Ulongwe. Koleti ndidaichapa magazi, lamba ndidamusoka ndi ulusi wosokera matumba, n'kukabweza. A diretori adayang'ana msokowo, adayang'ana pakamwa panga, n'kuiika koletiyo m'kabati. Ndidaimbira giya kumufunsa ngati munthu wa chikhakha angakwere bwato. Adati angathe, akakhala pakati pafupi ndi iye, mkonowo akaukuta ndi pulasitiki, koma lamulo la buluku silisintha. Mng'ono wanga za ulendo sadatchulenso. Ankakhala pakhonde akusankha nyemba ndi dzanja limodzi, ndipo njinga iliyonse ikadutsa pamsewu mapewa ake ankakwera. Ndikamufunsa ngati akufunabe kupita, ankayang'ana pansi. Ndidayamba kukhulupirira kuti ulendo ndi wa ine ndekha, ndipo zidandiwawa kuposa dzino.

Kenaka udabwera uthenga wakuti ankhoswe akutifuna Lamulungu anthu akatuluka kutchalitchi. Tidakhala patsinde pa mtengo wa mapichesi kuseri kwa nyumba yakale ya amayi. Nkhoswe wathu ndi atsibweni, mlongo wawo wa amayi, nkhalamba yokonda mtendere, yokondanso kachasu amene mlamu ankawagulira. Kumbali ya mlamu kudabwera mkulu wake. Mlamuyo adakhala atamata thonje pakhutu, mutu ataupendeketsa kuti aliyense alione. Pakati adayala mphasa, pamphasapo n'kuikapo kapu ya mikanda ndi buluku lija, lopindidwa bwinobwino. Pampu padalibe.

Mlandu wonse udali wa buluku ndi mikanda. Adafunsa amene adagula. Adafunsa ngati giyayo ndi wokwatira, ndi chifukwa chake amasamala za pakati pa miyendo ya akazi a eni. Za mkono zidatchulidwa kamodzi, mkulu wa mlamu atanena kuti dzanja la mng'ono wake lidapitirira pang'ono. Khutu ndilo lidatenga nthawi, pakuti akuti sizidamvekepo kuti mkazi amenye mlamu wake m'nyumba mwake. Ndidalephera kupirira. Ndidaimirira n'kufunsa kumene kuli pampu, bwanji sadaiike pamphasa. Ndidakweza mlomo ndi chala kuti aone gweru, ndidaloza chikhakha, ndidawerengera khutu logontha ndi chala chopindika chija. Atsibweni adandikwezera dzanja kuti ndikhale pansi.

"Aprofesora, inu mwamuna mulibe, mumadya za kusukulu. Musapasule nyumba ya mnzanu."

Ndidakhala, koma mawu amenewo sindidawakhululukire mpaka lero. Chigamulo chidali chakuti mlamu apereke nkhuku, mng'ono wanga atunge mikanda n'kuivala pamaso pa anamkungwi, buluku litenthedwe, ulendo ufe, ndipo ine ndisamalowe m'nyumba muja mwini wake kulibe. Anthu adawomba m'manja pang'onopang'ono, monga timachitira nkhani ikatha. Zikadathera pomwepo. Koma mlamu sadakhutire. Ankafuna kuti mkazi wake anene ndi pakamwa pake, ine ndikumva. Adaimirira akumwetulira.

"Anene yekha, anthu amve. Akufuna ine kapena akufuna bwato?"

Atsibweni adamuuza kuti ayankhe bwino, asachititse manyazi mtundu. Mng'ono wanga adayang'ana pansi monga mwa nthawi zonse. Ine ndidataya mtima n'kuyamba kumanga chitenje kuti ndizipita. Kenaka adanena kanthu motsitsa, kosamveka. Mkulu wa mlamu adati akweze mawu. Adadzutsa mutu, ulusi wa patsaya ukuoneka.

"Bwato."

Wina kumbuyo adaseka, n'kudzitseka pakamwa msanga. Mlamu adalumpha mphasa, adamenya kapu ndi phazi, adatola chidutswa cha njerwa. Ulendo uno amuna adamugwira, poti pamaso pa ankhoswe magazi sakhetsedwa. Adagwetsa awiri asadamugonjetse. Ali chigwiridwire, thovu lili kukamwa, adafuula kuti chabwino, nthaka ndi yathu, makoma ndi athu, koma malata ndi ake. Pamenepo sadaname. Kwathu mkamwini akamachoka amatenga chimene adabwera nacho ndi chimene adagula ndi thukuta lake. Munda sanyamula, khoma sanyamula, koma denga angathe. Atsibweni adati ndi mkwiyo chabe, uphwa. Adamutengera mng'ono wanga pambali n'kumunyengerera kuti abweze mawu, iye n'kuwauza kuti wayankha kale. Adawerama, adatola buluku pamphasa ndi dzanja limodzi n'kuliika m'khwapa.

Ine chimwemwe chidandikwera kumutu ngati mowa, koma mantha adabwera pambuyo pake. Mlamu adasamukira kwa anzake kumsika, ndipo ankatumiza mawu oopsa kudzera mwa aliyense wodutsa. Mng'ono wanga adakana kubwerera nane kutauni. Adati mvula yayandikira, minda siidikira mkono wa munthu, ndipo nyumba yosiyidwa imaitana mbala. Ndidamusiya ndikudandaula. Tsiku loti mawa lake tinyamuka ndidapita kukagona kwake, kuti m'mawa tikwere chapa yoyamba n'kukakumana ndi anzanga ku Ulongwe.

M'mawa mwake tikutseka chikwama, padenga padalira chitsulo. Mlamu adasankha dala tsiku limenelo. Adabwera ndi anzake awiri, makwerero, nyundo ndi chitsulo chozulira misomali. Msomali uliwonse unkalira pozuka, mpaka mano kuyabwa. Lata loyamba litachoka, kuwala kudagwera pamatumba a chimanga cha chaka chonse, pa kachewere wa mbewu, pa feteleza ndi pamatiresi. Ndidayang'ana kumwamba kudzera pabowolo. Kumpoto kudali kutada bii, mphepo ikununkha mvula.

Tikutuluka pakhomo, adaponya lata molunjika ife. Lidauluka cham'mbali n'kudzazika m'dothi patsogolo pa mapazi a mng'ono wanga, m'mphepete mwake n'kundicheka pamsongolo. Magazi adatsikira m'nsapato. Mlamu adaima pamwamba pa khoma, nyundo ili m'manja, akumuuza kuti apite kumadzi akeko, pobwera adzapeza chimanga chitamera m'matumba. Ndidatola miyala. Woyamba udaphonya, wachiwiri udamupeza mnzake wina pabondo, n'kutsala pang'ono kugwa. Ndikutola wachitatu, mng'ono wanga adandigwira mkono n'kunena kuti ndisiye, tipulumutse chakudya.

Tidayesa. Thumba la chimanga si la mayi wa zaka zanga ndi mnzake wa dzanja limodzi. Tinkalikoka m'dothi, ine kutsogolo, iye akukankha ndi bondo, malata akugwa uku ndi uku. Anthu adatulukanso kudzaonerera. Tidafikitsa matumba awiri pakhonde la nyumba yoyandikana nayo, mwini wake n'kutuluka kudzatiuza kuti tisawonjezere, safuna kudana ndi munthu. Ena onse adatsala m'nyumba yopanda denga. Ndidakhala pathumba ndikupuma movutikira, mwendo ukutuluka magazi, ndipo ndidanena mawu amene sindinkayembekeza kuti angatuluke m'kamwa mwanga. Ndidati ulendo ukhale. Tifune anyamata a ganyu, tifune udzu kapena mapepala a pulasitiki, tifolere. Zambezi sathawa, koma chimanga chikavunda munthu adya chiyani mpaka kukolola?

Mng'ono wanga adalowa m'nyumba, mwamuna wake ali pamwamba pake penipeni akuzula misomali, zinyalala zikumugwera m'mutu. Ndidagwira mtima, ndikuopa kuti nyundo ija imutsikira. Adatuluka atakoleka chikwama paphewa, kathumba ka mtedza kali m'dzanja, n'kulunjika njira ya kumsewu osayang'ana munthu. Ndidamanga mwendo ndi mpango n'kumutsatira ndikutsimphina.

Mvula idayamba tili pamsewu, madontho akuluakulu oboola fumbi. Pamenepo mudzi wathu umaoneka wonse, ndipo nyumba yake idaoneka bwino, mitengo ya denga ili mbee, amuna atatu aja akutsika mothamanga kukabisala. Kenaka idakhuthuka yeniyeni. Ndidamukuta chikhakha ndi pepala la pulasitiki, uku ndikuwerengera mumtima zimene zikunyowa, ndipo ndidalira, ine wa mtima wapachala uja. Chapa idatulukira ikuwaza matope, kobradori, wotolera ndalama za okwera, atatulutsa mutu pazenera akuitana za ku Ulongwe. Idaima patsogolo pathu. Ndidamuuzanso mng'ono wanga kuti tikathamanga tingapulumutseko matumba angapo, ndipo palibe angamuseke akabwerera.

Adayang'ana nyumba yake nthawi yaitali, madzi akuyenderera pamsoko wa patsaya, mpaka kobradori adayamba kumenya chitseko ndi dzanja kuti tifulumire.

"Achemwali, chimanga ndidzalima china. Ndigwireni m'khwapamu, ndi dzanja limodzi sindingakwere."

Ndidamugwira, n'kumukweza.